Lole ya Komiti ndi Nyumba ya a Laxon

Lachiwiri m'mawa komiti ya alimi pa pulazi ya kwa Makisi, kufupi ndi Centenary, inapatsa a Laxon Chimbalanga kalata yowauza kuti pofika Lachisanu masana akhale atatuluka m'nyumba. Mlandu wake unali wakupha lole. Kalatayo inalembedwa m'Chingerezi, inawerengedwa m'Chishona, ndipo a Laxon anaitukwana m'Chichewa, chomwe malamulo a dziko lino amati nachonso ndi chinenero cha boma. Choncho zonse zinayenda mwadongosolo.

Nyumba yomwe ankanenayo ndi nambala 14 m'komboni, zipinda ziwiri ndi khitchini yaudzu, ndipo a Laxon anabadwiramo zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu zapitazo. Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Dedza, nagwira ntchito yosonkha moto m'mabalani oumitsira fodya mpaka chifuwa chinawatenga. Anagona kuseri kwa damu, mayi pambali pawo. Ku Dedzako a Laxon sanapondeko ngakhale tsiku limodzi, koma chitupa chawo kwa zaka zambiri chinkati iwo ndi mlendo, mlendo wodabwitsa amene sanachokepo pomwe unagwera mchombo wake.

Ntchito anayambira pa ng'anjo, pafupi ndi bambo awo. Atakwana zaka makumi awiri, Makisi, mzungu mwini pulazi, anawakweza pa thirakitala, kenako anawalowetsa m'shedi yokonzera makina, ndipo kuyambira pamenepo panalibe chitsulo cholira pa pulaziyo chomwe iwo sanachigonere kunsi. Makisi anachoka mu 2002, dzina lake linatsala. Pulazi inadulidwa minda makumi awiri ndi itatu. Anthu a m'komboni munda sanalandire. Analandira maricho, ganyu wa tsiku ndi tsiku m'minda ya eni atsopano, komanso lamulo loti nyumba ndi ya amene akugwirira ntchito alimi. Wachotsedwa ntchito, watuluka.

Mu Julayi chaka chatha alimiwo anagula lole ya matani atatu, yoyera, yogwirapo kale ntchito ku Japan. Woyendetsa anasankha a Laxon, chifukwa panalibe wina wodziwa kusiyanitsa sipanala ndi supuni. Kenako komiti inakhala pansi masiku atatu kuti iteteze loleyo kwa a Laxonwo. Tcheyamani wake, a Lovejoy, anagwirapo ukalaliki mu Harare zaka zambiri, ndipo anachokako ndi chikhulupiriro choti chinthu chilichonse chimamvera chikalembedwa papepala n'kudindidwa. Analamula kuti lole isapitirire liwiro la 30. Isatuluke pageti popanda masiginecha atatu, ndipo mwini siginecha yachitatu amakhala ku Harare, amabwera pa Khirisimasi. Oyilo izimwa wa mu dilamu ya mathirakitala, poti oyilo ndi oyilo. Injini ikayamba kulira yokha lole ili chiimire, monga inkachitira nthawi zina, izimitsidwe pomwepo kuopa kutha dizilo. Ndipo pafupi ndi chiwongolero panali batani lina la zilembo za Chijapani. Limenelo asaligwire munthu, chifukwa zomwe komiti singathe kuwerenga, komiti singazivomereze.

Motero lole yopangidwira misewu ya tala inayamba moyo wokwawa pakati pa minda ndi mabalani, nkhuni uku, masamba a fodya uko, makilomita awiri, kuima, kuzimitsidwa. Mu Okutobala kanyali kachikasu kanayamba kuphethira pa dashibodi. A Laxon anakanena. Mlembi wa komiti, Mai Primrose, anaika nkhaniyo pamndandanda wa zokambirana, ndipo komiti inapeza kuti nyaliyo ikusokoneza woyendetsa. Anamatapo tepi yakuda.

Mu Febuluwale, fodya atapsa m'minda yonse nthawi imodzi, lole inakana mtunda wa pa damu. A Laxon anaponda mafuta mpaka pansi, injini inangong'ung'udza ngati munthu womutsekera pakamwa, ndipo ngolo ya ng'ombe inawapitirira, woyendetsa wake akubayibitsa. Dizilo ankatha msanga kuposa kale. Komiti inaphatikiza ziwirizi n'kupeza yankho lomwe inali nalo kale.

"Achimwene," anatero a Lovejoy atatha kuwerenga kalata ija. Ndi dzina lomwe amaitanira aliyense wa m'komboni, wamwamuna kaya wamkazi. "Nyaya, nkhani yake, ndi yachidule. Dizilo mumagulitsa, m'thanki mumathira palafini. Mota yafa."

"Palafini mwamuona ndi maso anu, a tcheyamani?"

"Komiti yakhutira."

"Yakhutira ndi chiyani? Ndani mwa inu anatsegulapo thanki? Inu nomwe pomwe pali thanki mukupadziwa?"

"Musakweze mawu mu ofesi."

"Ofesi iyi ine ndinaikhoma malata inu musanadziwe njira yobwerera kuno! Ndituluke ndipite kuti? Bambo anga ali apo kuseri kwa damu. Ndiwafukule ndiwanyamule pamutu?"

A Lovejoy anayankha kuti nkhani ya manda sili pamndandanda. A Laxon anapempha makiyi masiku atatu. Tcheyamani anakana, koma Mai Primrose, amene fodya wawo anali atayamba kuolera m'munda, anatsegula buku la malamulo n'kunena kuti palibe ndime yoletsa wolakwa kukonza chomwe waphwanya. Makiyi anaperekedwa, ndipo zinalembedwa kuti aperekedwa.

Masana omwewo a Laxon anakokera lole pansi pa mtengo wa mbawa pafupi ndi shedi. Anayamba ndi mlandu wawo womwe. Anatunga dizilo m'botolo, anamununkhiza, anamuyang'ana padzuwa, anamutikita pakati pa zala. Dizilo weniweni. Anamasula sefa ya mafuta, inali bwino. Sefa ya mpweya anaigogoda, fumbi pang'ono chabe. Atasolola kandodo koyezera oyilo anaima kaye. Oyilo anali atapitirira mzere wa pamwamba ndi zala ziwiri. Injini yakale imamwa oyilo, sibereka. Ananunkhiza kandodoko: dizilo yekhayekha.

Akazi awo, a Rosalina, anafika ndi botolo la mahewu akuchokera komanga fodya, manja ali bii ndi utomoni.

"Bambo a Mada, ndimange katundu kapena ndisamange? Anthu akundifunsa za nkhuku, akufuna kugula motchipa ngati za maliro."

"Musagulitse kanthu. Taonani apa. Dizilo amene akuti ndaba ali muno, wagwera mu oyilo."

"Ndiye wakuba ndi lole yomwe? Kauzeni a Lovejoy aiyitanire ku komiti."

A Laxon sanaseke. Analiza injini, anazungulira kumbuyo n'kuika chikhatho pakamwa pa ekizozi. Mpweya unkatuluka ngati wa munthu wodwala, wofunda pang'ono, wopanda mphamvu, ndipo utsi kunalibe. Apa mutu wawo unabwerera pa ng'anjo. Balani ikakana kutentha, moto ukungofuka, wosadziwa amathamangira kuwonjezera nkhuni. Wodziwa amapita kukagogoda mapaipi otulutsa utsi, chifukwa moto umene sukutulutsa mpweya sungakokenso mpweya. Anagona chagada kunsi kwa lole. Pakati pa ekizozi panali mgolo wachitsulo wonenepa, umene iwo masiku onse ankauyesa chochepetsa phokoso chabe. Anadikira kuti uzizire, anamasula mabawuti a kutsogolo kwake, anasiya mpata wolowa chala, n'kuuza akazi awo kuti apotokole kiyi.

Injini inabangula ngati yamasulidwa goli. Mwaye unatuluka pampatapo n'kuwamwaza kumaso konse.

"Zimitsani! Mayi a Mada, zimitsani!"

A Rosalina anazimitsa, anasuzumira kunsi, anaona maso awiri okha ndi mano. "Eee, chilombo chatuluka popanda ng'oma," anatero, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi.

Injini inali yamoyo. Chotsekeka chinali mgolo uja. Koma chomwe chinali m'kati mwake a Laxon sankachidziwa, ndipo zaka makumi atatu za sipanala zinawaphunzitsa kuti chomwe sukuchidziwa usachimenye ndi hamala. Anaimbira foni Clemence, mwana wa mlongo wawo, bambo wa dazi amene anakulira ku mgodi wa Arcturus ndipo tsopano ali ndi garaja yake ku Glendale.

Clemence anafika Lachitatu m'mawa pa njinga yamoto, kompyuta ili m'chikwama cha kumsana. Analumikiza chingwe kunsi kwa chiwongolero, kenako anaona tepi ija.

"Malume, ichi n'chiyani?"

"Chigamulo cha komiti."

Anaimatula. Kanyali kachikasu kanali katasiya kuphethira, kakungoyaka, ndipo pambali pake panali patayaka kena kooneka ngati injini. Clemence anaimba mluzu.

"Mgolo uwo ndi sefa ya mwaye. M'kati mwake muli ngati chisa cha njuchi, timabowo tambirimbiri. Utsi umadutsa, mwaye umatsalira. Sefa ikayamba kudzaza, lole imadzipatsa yokha dizilo wowonjezera kuti ekizozi itenthe kwambiri, mwaye upse. Pa tala, ikuthamanga, imachita zimenezi inu osadziwa. Ikakhala kuti ikungokwawa, imayesera ili chiimire. Simunaimvepo ikulira yokha?"

"Ndinaimva."

"Ndiye mumatani?"

"Lamulo lachinayi. Kuzimitsa."

Clemence anawaonetsa galasi la kompyuta. Lole inali itayesa kudziwotcha ka makumi asanu ndi limodzi ndi kawiri, ndipo ka makumi asanu ndi kasanu inadulidwa pakati. Dizilo aliyense wosapsa ankatsetsereka m'makoma a injini n'kugwera mu oyilo. Kenako anatenga foni yake, analoza kamera pa pepala lomatidwa pamwamba pa galasi lakutsogolo, ndipo zilembo za Chijapani zinasanduka Chingerezi. Pepalalo linkati nyali ikaphethira, imani pamalo opanda udzu, dinani batani, dikirani mphindi makumi awiri.

A Laxon anawerenga kawiri. Anatsika m'lole, anayenda mpaka pamtengo, anaumenya ndi chikhatho.

"Miyezi isanu! Miyezi isanu ikundipempha, ine ndikuitseka pakamwa chifukwa cha pepala la munthu amene sanayendetsepo ngakhale wilibala!"

"Pano batani lokha silingathandize, yatsekeka kwambiri, kompyuta yake yakana. Oyilo mumathira wanji?"

"Wa mathirakitala."

"Ameneyo akapsa amasiya phulusa, ndipo phulusa silipsanso kachiwiri. Nanga m'mawa mumainyamula bwanji?"

Apa a Laxon anayankha monyada, chifukwa pamenepa pokha panalibe komiti. Anati m'mawa uliwonse amailiza theka la ola ili chiimire kuti injini ifunde, monga anachitira ndi thirakitala iliyonse kuyambira ali mnyamata. Makina saadzidzimutsa.

"Malume," anatero Clemence mofatsa, "theka la ola limenelo ndi mwaye wokhawokha. Iyi si thirakitala ya Makisi. Imafuna muilize, mphindi imodzi, muzipita."

Mawuwa anawalasa a Laxon. Kukwiyira komiti n'kosavuta, aliyense m'komboni amadziwa kachitidwe kake. Koma kumva kuti chisamaliro chako chomwe, chimene umadzukira nacho tambala asanatsike, ndicho chinali kuthira dothi m'dzenje lomwelo, mkwiyo wake ulibe koupititsa.

"Usakanene zimenezi kwa a Lovejoy," anatero potsiriza. "Ayi. Ndikanena ndekha."

"Njira yachidule ilipo," anatero Clemence. "Aliyense ku Glendale amatero. Timamasula mgolo, timalowetsa chitsulo, timagumula chisa chonse, ine ndimanamiza kompyuta kuti sefa ilipo. Ola limodzi. Izifuka ngati basi yakale, koma iziyenda."

"Ndiye Lachisanu ndikaime pamaso pawo nditagumuladi katundu wawo? Lero akundinamizira. Ukufuna ndiwapatse mlandu weniweni? Komanso utsi umenewo aziupuma ndani, si amayi akumanga fodya kumbuyo kwa lole? Bambo anga anafa ndi chiyani iwe?"

"Ndangonena, malume."

"Wanena. Bweretsa sipanala ya fotini."

Anautsitsa mgolowo awiri, wolemera ngati mwana wa ng'ombe. Mbali yoyang'ana ku injini inali yakuda bii, timabowo tosaoneka n'komwe. Anaunyamulira ku pampu yothirira mbewu, ndipo Clemence anawauza kuti madzi alowere kumbuyo, mbali yoyera, kuti zinyalala zibwerere njira yomwe zinalowera, komanso asatsegule mphamvu yonse kuopa kuswa chisa. Poyamba kunatuluka madzi akuda ngati inki. Patapita ola kunayamba kutuluka phala lotuwa, phulusa la oyilo wa mathirakitala. Anatsuka mpaka madzi anayera. Panalinso timapaipi tiwiri topyapyala tomwe timauza kompyuta kuti sefa yadzaza bwanji. Kamodzi kanali kotsekeka, a Laxon anakatokosa ndi waya n'kukapemerera ndi pakamwa.

Sefa yonyowa saibwezera, anatero Clemence, madzi akawira m'kati chisa chimang'aluka, ndipo ku garaja amaisiya masiku awiri padzuwa. Masiku awiri panalibe, ndipo dzuwa la Febuluwale limabwera likafuna. A Laxon anapita kwa Mai Primrose, amene balani yawo inali pa moto wochepa wa masiku oyamba, pomwe fodya amasanduka wachikasu.

"Mukufuna kuumitsa ekizozi pamodzi ndi fodya wanga, Sekuru?" anafunsa, kuwaitana agogo mwaulemu m'Chishona.

"Pakona, pa njerwa, Mai. Yatsukidwa, sinunkha. Moto ndisonkha ndekha, simupeza wina wousonkha bwino kuposa ine pa pulazi ino."

Mai Primrose anaganiza za masamba awo oolera m'munda. "Ine sindinaone kanthu," anatero. Kwa mlembi wa komiti amenewo ndi mawu aakulu.

Lachinayi masana sefa inatuluka youma, ndipo a Laxon atayang'anira padzuwa mbali yoyera anaona timabowo tonse tili mbee. Anaibwezera. Anakhetsa oyilo wakale m'ndowa n'kuisunga. Oyilo woyenera anabwera naye Clemence kuchokera ku Glendale, ndipo m'malo mwake pa njinga yamoto panakwera mbuzi ya a Rosalina, imene inalira njira yonse mpaka pageti. A Rosalina sanalire. Anangoti mbuzi imeneyo ilembedwenso m'buku la komiti monga membala amene wathandiza kuposa onse.

Lachisanu m'mawa komiti yonse inasonkhana pa bwalo la shedi, pamodzi ndi theka la komboni lomwe linabwera kudzaona ngati munthu atuluke. A Laxon anaimika lole pa dothi lopanda udzu, kutali ndi nkhuni. Anaika ndowa ija patsogolo pa tcheyamani.

"Nunkhizani."

"Achimwene, komiti sinabwere kudzanunkhiza."

"Nunkhizani, a tcheyamani. Dizilo wanu amene ndinagulitsa ndi ameneyo."

Mai Primrose anawerama, ananunkhiza, analemba. A Laxon anafotokoza zonse, sefa, mwaye, phulusa, liwiro la 30, geti, dilamu ya mathirakitala, tepi. Ananenanso za theka la ola la m'mawa, osabisa. A Lovejoy anadumphira pomwepo.

"Mwamva? Wavomera yekha. Mai Primrose, lembani kuti wavomera."

"Lembani, Mai," anatero a Laxon. "Vuto langa ndi limodzi. Mulembenso malamulo asanu awo."

Clemence anafufuta cholakwa chakale mu kompyuta ya lole, injini inafunda, giya ili pa nyutulo, handibuleki yokoka. Chotsala chinali kuwotcha mwaye wotsalira kuti kompyutayo ikhulupirire kuti sefa yayera. A Laxon anatambasula dzanja, anthu onse akuona, n'kudina batani la Chijapani.

Injini inakwera mawu. Inakweranso. Kunsi kwa lole kunayamba kumveka kulira kwa chitsulo chotentha, fungo la moto linafalikira, mpweya kumbuyo kwa ekizozi unkanjenjemera. Anthu anabwerera m'mbuyo.

"Dzimai! Zimitsani!" anakuwa a Lovejoy. "Lamulo lachinayi! Lamulo lachisanu! Akuotcha katundu wa alimi!"

Anathamangira kuchitseko. A Laxon anatsika, anatseka chitseko, anaima patsogolo pake manja ali m'chiuno.

"Mukaigwira kiyi imeneyi ndikuthyolani dzanja, ndipo mulembe kuti ndanena."

"Mukuopseza tcheyamani?"

"Ndikukuuzani. Ka makumi asanu ndi kasanu ndinaizimitsa chifukwa cha inu. Lero ipsa mpaka imalize. Munabwera kuno ndi masutikesi, tinakuonetsani pomwe pali madzi, pomwe dothi limadya feteleza, momwe amasonkhera balani. Fodya wanu woyamba atapsa anamuthyola ndani? Ndani anamuumitsa? Lero chinthu chikangovuta, wakuba ndi Achimwene. Mvula ikachedwa mudzatinso taiba ife. Nyali inakuuzani zoona, munaimata tepi. Ine ndinakuuzani zoona, mwandimata kalata. Imani pomwepo muone!"

M'gulu la komboni mayi wina anayamba nthungululu, mnzake anamugwira pakamwa, chifukwa nayenso amakhala m'nyumba ya komiti. A Lovejoy anayang'ana mamembala awo kufuna wowathandiza, koma mamembalawo onse anali ndi fodya m'munda ndipo anapeza chochita poyang'ana nsapato zawo.

Mphindi makumi awiri ndi zinayi ndi nthawi yaitali anthu akamaonerera lole ikubangula. Kenako injini inatsika yokha n'kubwerera pa kulira kwake kwa masiku onse. Clemence anasuzumira pa dashibodi.

"Yazima, malume."

Anapakira nkhuni zodzaza, mamembala atatu anakwera pamwamba monga mboni, ndipo lole inakwera mtunda wa pa damu pa giya yachitatu, mmodzi wa mbonizo atagwira chipewa ndi manja awiri.

Komiti inalowa mu ofesi cha m'ma leveni koloko ndipo inapeza kuti ili pa vuto lalikulu kuposa la lole. Kalata yothamangitsa inali itadindidwa kale, ndipo m'buku la malamulo munalibe ndime yofotokoza momwe chidindo amachibwezera. Kuwonjezera apo wolakwayo anali ataphwanya malamulo awiri anthu akuona. Anaitana a Laxon.

"Komiti yaona kuti mota yachira," anatero a Lovejoy. "Ikupempha kuti musanachoke mulembe papepala zonse zoyenera kuchita, kuti woyendetsa watsopano azitsatira."

"Ndikalembere kuti?"

"Kunyumba kwanu."

"Ndilibe nyumba. Yatsala ndi mphindi makumi anayi."

"Ndiye tiuzeni pakamwa."

"Pakamwa ndinakuuzani mu Okutobala."

Clemence, amene anali ataima pakhomo, anawonjezera mwaulemu kuti loleyo izifuna kuthamanga pa tala theka la ola sabata iliyonse, oyilo wake wokha, ndi munthu womva kulira kwake, apo ayi pofika nthawi yokolola chimanga idzakhala itatsekekanso, ndipo iye ulendo wachiwiri sadzalandira mbuzi.

Anawatulutsa panja. Anakambirana ola lathunthu, masana anadutsa, palibe anatchula. Amene anapeza njira anali Mai Primrose, ndipo njirayo inali yokongola moti a Lovejoy anaiwerenga okha pakhonde ngati yawo. Kalata yoyamba ikhala momwe ilili: Laxon Chimbalanga watuluka m'nyumba nambala 14. Kuyambira lero nyumba nambala 14 yapatsidwa kwa lole, monga mbali ya zipangizo zake, pamodzi ndi jeke ndi tayala lapadera. M'nyumbamo muzikhala munthu wosamalira sefa ya loleyo, pa nthawi yonse yomwe lole ili yamoyo. Wosamalira sefa wasankhidwa Laxon Chimbalanga. Malamulo achinayi ndi achisanu sanafafanizidwe, koma sazigwira ntchito lole ikamayaka. Chidindo.

A Laxon analandira pepalalo osathokoza. Anayenda kupita kukomboni akulipinda ndi kulipindanso mpaka linakhala ngati kabokosi ka machesi. A Rosalina anali pakhomo, akusenda utomoni m'zala.

"Tituluke?"

"Tatuluka kale. Talowanso."

Anawawerengera, akumasulira ndime ndi ndime. A Rosalina anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti nyumba ndi ya lole."

"Ndi ya lole."

"Ife tikukhala kwa lole."

"Mwamva bwino."

"Ikadzafa?"

"Clemence akuti yosamalidwa bwino imatha zaka khumi ndi zisanu."

A Rosalina anawayang'ana amuna awo kuyambira ku imvi mpaka ku nsapato, ngati akuyerekeza amene adzayambe kutha.

"Bambo a Mada, pa ukalamba wanu uno mwalowa chikamwini. Muzidzuka m'mawa kukapereka moni kwa apongozi."

"Musandiyambe, mayi a Mada."

"Ine ndikungofunsa. Madalitso akabwera ndi ana pa holide, tikapemphe kwa ndani malo ogona, kwa tcheyamani kapena kwa ekizozi?"

A Laxon analowa m'nyumba, anakhala pa bedi lomwe anabadwirapo, n'kuvula nsapato imodzi. Inayo anaiponya kukhoma mwamphamvu moti laimu anagwa.

"Pang'onopang'ono," anatero a Rosalina ali panja. "Khoma la eni ake limenelo."